Jinzi ndi jombo za amayi: kutsatira fashoni kumasiyana bwanji ndi kukhala ndi sitayilo yakoyako?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2021 pa TikTok panabuka mkangano umene unafika mpaka m'manyuzipepala a mayiko ambiri. Atsikana achisodzera ankanena kuti jinzi yothina kuyambira m'chiuno mpaka mu akakolo, imene amaitcha skinny, nthawi yake yatha, ndipo aliyense woivala akudziulula msinkhu. Amayi amene anakula akuvala jinzi imeneyi anayankha kuti saisiya, chifukwa ndi imene imawakhala. Kuchokera pamenepo m'masitolo mwadzaza jinzi za miyendo yotakasuka, ndipo amayi ambiri atsala ndi funso limene otsatsa malonda sayankha: nanga jombo zija zinagulidwa kuti zizivalidwa ndi jinzi yothina zipite kuti? Ena amauzidwa kuti asinthe zonse kuopa kutsalira, ena amauzidwa kuti fashoni ndi yachabe ndipo angovala chimene mtima wafuna. Malangizo awiriwa amaperekedwa mopepuka, ngati kuti nkhani ndi yongosankha mbali, pamene pansi pake pali nsalu, kasokedwe, malonda ndi maganizo a anthu zimene ndi bwino kuzimvetsa kaye.

M'nkhani ino mawu akuti jombo akuimira nsapato iliyonse imene imakwera n'kuphimba akakolo kapena kupitirira apo, kaya ndi yagogoda kaya ndi yafulati, osati zokhazo za asilikali ndi za ogwira ntchito zolemetsa.

## Mawu awiri amene amasokonezedwa

Fashoni ndi kavalidwe kamene anthu ambiri akakonda pa nthawi inayake, ndipo chizindikiro chake chachikulu n'chakuti kamabwera n'kupita. Sitayilo ndi kasankhidwe ka munthu mmodzi kamene kamabwerezedwa kwa zaka zambiri, mpaka anzake akaona chovala china chili pahang'ala amatha kunena kuti ichi n'cha uje. Tiyerekeze ndi chilankhulo. Mawu atsopano amabuka pakati pa achinyamata, amafala, kenako amazilala, koma liwu la munthu ndi kayankhulidwe kake timazizindikira ngakhale ali kuseri kwa chitseko. Mawu amene munthuyo akuyankhula sanawapange yekha, anawatola kwa anthu, komabe kayalidwe kake n'kake.

Fanizoli likuonetsa kuti palibe sitayilo imene inagwa kuchokera kumwamba. Mayi amene lero akukana kusiya skinny ponena kuti ndi sitayilo yake, anaidziwa jinziyo chifukwa inalowa m'fashoni chapakati pa zaka za m'ma 2000, ndipo nthawi imeneyo analipo amayi ena amene ankaikana chifukwa anazolowera ya miyendo yotambasuka. Chimodzimodzinso mtsikana amene akuvala jinzi yotakasuka chifukwa ndi ya masiku ano, mwina pakadzatha zaka 15 adzakhala akuiteteza ngati yakeyake. Kawirikawiri sitayilo ya munthu imakhala zotsalira za mafashoni amene anawayesa, ena n'kuwataya, ena n'kuwasunga chifukwa anagwirizana ndi thupi lake ndi moyo wake.

## Chovala cha ntchito chimene chinalowa m'fashoni

Jinzi sinayambe ngati chovala chodzikongoletsera. Pa 20 Meyi 1873, telala wina wa ku Reno m'dziko la America dzina lake Jacob Davis ndi wamalonda wa ku San Francisco, Levi Strauss, analandira chiphaso cha umwini wa luso lokhomera timisomali tachitsulo m'makona a matumba a thalauza kuti asamang'ambike. Ogula ake anali amuna ogwira ntchito zamanja. Kampani ya Levi's inatulutsa jinzi yosokedwa potengera thupi la mkazi m'chaka cha 1934, patapita zaka zoposa 60.

Nsalu yake imatchedwa denimu, ndipo kalukidwe kake ndi kamene kamachititsa kuti jinzi ikhale chovala cha munthu mmodzi kuposa zovala zina. Ulusi woyenda m'litali umanyikidwa mu utoto wabuluu wotchedwa indigo, pamene woyenda mopingasa umasiyidwa woyera, n'chifukwa chake mukatembenuza jinzi mkati mumakhala motuwa. Utotowo sulowerera mpaka pakati pa ulusi, umangokuta kunja, kotero kuti pamene pamakhuzika pamayera. Tengani jinzi imene mayi waivala zaka zitatu muiyale pabedi: mudzaona timizere toyera pamwamba pa ntchafu pamene nsalu imapindika akakhala pansi, makwinya ake kuseri kwa mawondo, ndi chithunzi cha foni pathumba lakumbuyo. Palibe jinzi ina padziko imene ili ndi zizindikiro zimenezo m'malo omwewo. Mafakitale amayesa kutsanzira kuyera kumeneku pochapa ndi miyala, pokhula, kapena powotcha ndi kuwala kwa laser, ndipo ngakhale kuchuluka kwa kuyerako kumalowa ndi kutuluka m'fashoni.

Chinthu china chimene chinasintha jinzi ya amayi ndi ulusi wotamuka wotchedwa elastane, umene Joseph Shivers wa kampani ya DuPont anaupanga m'chaka cha 1958 ndipo ambiri amaudziwa ndi dzina la malonda lakuti Lycra. Kuika pang'ono chabe, magawo awiri kapena atatu pa 100 alionse, kumachititsa kuti thonje litamuke n'kubwerera. Popanda ulusi umenewu skinny sikanafala monga inafalira, pakuti thalauza lothina la thonje lokhalokha limavuta kulowetsa phazi ndiponso kukhala nalo pansi. Apa tikuona kuti fashoni ina imayamba chifukwa luso la m'fakitale lalola, osati chifukwa wina wangoganiza.

## Pamene mpendero umakumana ndi jombo

Chimene chimachititsa kuti nkhani ya jinzi ndi jombo ikhale yovuta kuposa ya bulauzi kapena chikwama n'chakuti ziwirizi zimakumana pamalo amodzi, pa akakolo, ndipo china chiyenera kupereka malo kwa chinzake. Mpendero wa jinzi ungalowe mkati mwa jombo, ungagwere pamwamba pake n'kuiphimba, kapena ungathere pamene jombo ikuyambira. Njira ndi zitatu zokhazi, ndipo pafupifupi kusintha konse kwa zaka 50 zapitazi kwakhala kusinthana kwa njira zimenezi.

Jinzi yotchedwa bootcut imagwira pantchafu ndi pabondo, kenako imatambasuka pang'ono kumunsi, ndipo dzina lakelo limatanthauza kuti inadulidwa kuti ikwane pamwamba pa jombo. Inatchuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, m'zaka za m'ma 1970 kutambasukako kunakula kwambiri n'kumayendera limodzi ndi nsapato za soli yochindikala, ndipo inabwereranso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ili ndi chiuno chotsika pansi pa mchombo. Pa kavalidwe kameneka chooneka ndi nsonga ya jombo ndi gogoda wake basi, choncho opanga nsapato ankalimbikira kukongoletsa kutsogolo, osalabadira kwambiri za kumtunda.

Skinny itabwera zinthu zinatembenuka. Popeza mpendero unali wopanikiza mwendo, jinzi ndiyo inayamba kulowa m'jombo, ndipo jombo yonse inayamba kuonekera. N'chifukwa chake m'zaka zimenezo kunafala jombo zofika m'mawondo zofanana ndi za okwera pa kavalo, jombo zaubweya za UGG, ndiponso pambuyo pake tijombo tifupitifupi totsekula kukamwa tomwe timathera pa akakolo. Amayi ambiri amene anagula nsapato pakati pa 2008 ndi 2018 ali ndi mitundu imeneyi m'kabati, ndipo zambiri mwa izo zikadali zolimba.

Tsopano taganizirani mayi ataima pagalasi m'mawa, wavala jinzi yatsopano ya miyendo yowongoka yothera pamwamba pang'ono pa akakolo, ndipo watenga kajombo kake kakale kotsekula kukamwa. Akaimirira, mpendero ukukodwa pakamwa pa jombo n'kutukumuka ngati thumba. Akaulowetsa mkati, nsalu yochulukayo ikuunjikana pakatumba. Akaupinda, mwendo ukuoneka ngati wadulidwa pawiri. Jinziyo ilibe vuto ndipo jomboyo ilibe vuto, kungoti zinasokedwa m'nyengo ziwiri zosiyana. Jinzi yowongoka imafuna jombo yogwira mwendo bwino kuti ilowe pansi pa mpendero mosakodwa, monga ya mtundu wa Chelsea yokhala ndi lasitiki m'mbali. Jombo imeneyi si yachilendo ayi: inachokera kwa Joseph Sparkes Hall, wosoka nsapato wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, ndipo dzina lakuti Chelsea inalitenga pamene inatchuka pakati pa achinyamata a dera la Chelsea mumzinda wa London m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960.

Jinzi yotakasuka mwendo wonse nayo ili ndi zofuna zake. Imakhala yaitali, choncho imafuna gogoda kapena soli yochindikala yoikweza kuti isakwekwereke pansi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene jombo zolemera monga za Dr. Martens zimayenderana nayo. Jombo yodziwika kwambiri ya kampaniyi, ya nambala 1460, inayamba kupangidwa pa 1 Epulo 1960 ngati nsapato ya anthu ogwira ntchito, isanalandiridwe ndi magulu a achinyamata. Mpendero ukayezedwa pa gogoda wa masentimita 7 kenako n'kuvalidwa ndi jombo yafulati, kumbuyo kwake kumapondedwa, kumanyowa kukagwa mvula, ndipo pakatha miyezi yochepa kumayamba kunyenyeka.

Apa m'pamene pagona kulemera kwa nkhaniyi. Fashoni ikasintha mwendo wa jinzi, imakhala yasinthanso jombo, ndipo nthawi zambiri imakokanso kutalika kwa bulauzi ndi jekete, chifukwa chiuno chikakwera zovala zakumtunda zimafupika. Munthu amaganiza kuti akugula thalauza limodzi, kenako n'kuzindikira kuti theka la kabati silikugwirizana nalo.

## Amayambitsa ndani?

Ambiri amaganiza kuti pali munthu mmodzi kapena kampani imodzi imene imalamula, koma zoona zake n'zakuti ndi unyolo wa anthu ambiri amene amayang'anana. Makampani olosera za fashoni, monga WGSN imene inakhazikitsidwa ku London mu 1998, amagulitsa kwa opanga zovala malipoti onena za mitundu ndi maonekedwe amene akuyembekezeka mpaka zaka ziwiri kutsogolo. Opanga nsalu amaonetsa katundu wawo pa zionetsero monga Première Vision ku Paris. Kenako akatswiri okonza zovala amaonetsa zawo ku New York, London, Milan ndi Paris kawiri pachaka, cha mu Febuluwale ndi mu Seputembala, miyezi ingapo zovalazo zisanafike m'masitolo. Popeza makampani ambiri amawerenga malipoti ofanana, kuloserako kumathandiza kuti zoloseredwazo zichitikedi.

Komabe si zonse zimachokera kumwamba. Jinzi yong'ambika, jinzi yaikulu kuposa woivala, ndi jombo za asilikali zinayambira m'misewu, pakati pa achinyamata ndi oimba, ndipo makampani anachita kutola. Chasintha masiku ano ndi liwiro. Kampani ya zovala ya Zara inadziwika chifukwa chotha kutengera chovala kuchokera papepala kufika m'sitolo m'masabata ochepa, ndipo makampani ogulitsa pa intaneti monga Shein amaika zovala zatsopano tsiku ndi tsiku. Chifukwa cha ichi ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali kusintha kwa kaumbidwe ka mwendo wa jinzi, kumene kumachedwa ndipo kumatha zaka pafupifupi 10 kapena kupitirira, monga skinny inachitira. Palinso timafashoni ta nyengo imodzi, monga mtundu wina wa chikopa, zokongoletsa zonyezimira, kapena nsonga yachilendo ya jombo, timene timazilala miyezi isanathe. Anthu akamadandaula kuti fashoni ikuthamanga kwambiri, kawirikawiri amanena za timeneti.

## Chifukwa chake diso limasintha

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti, n'chifukwa chiyani jinzi imene tinkaiona yokongola imayamba kuoneka yachikale pamene nsaluyo sinasinthe? Katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Germany, Georg Simmel, analemba m'chaka cha 1904 kuti fashoni imakhalapo chifukwa munthu ali ndi zilakolako ziwiri zokokana: amafuna kufanana ndi anzake kuti alandiridwe, ndipo amafunanso kusiyana nawo kuti adziwike. Chovala chikafala kwa aliyense chimasiya kusiyanitsa, choncho amene anayamba nacho amafunafuna china, nthawi zambiri chotsutsana ndi choyambacho. Ndiye chifukwa chake pambuyo pa yothina kwambiri panabwera yotakasuka kwambiri, osati yapakatikati.

Mu 1937 James Laver, amene ankagwira ntchito kumalo osungirako zinthu zakale ndi zaluso otchedwa Victoria and Albert Museum ku London, anafotokoza mmene chovala chimodzimodzi chimaonekera malinga ndi nthawi. Malinga ndi iye, chovala chikatsala chaka chimodzi kuti chifike m'fashoni chimaoneka cha olimba mtima, pa nthawi yake chimaoneka chokongola, pakatha chaka chimaoneka chotsalira, pakatha zaka 10 chimanyansa, pakatha zaka 20 chimaseketsa, ndipo pakapita zaka zambiri chimayambanso kusiririka. Masiku ano zakazo zafupika, koma mfundo yake ikadali yoona: diso limazolowera chimene likuona kawirikawiri. Mayi amene poyamba ankaona jinzi yotakasuka ngati yobwereka, akaiona pa anthu ambiri kwa zaka ziwiri amayamba kuiona yabwino, ndipo sikuti akudzinamiza kapena wagonja. Ngakhale chimene timachitcha kukonda kwathu chimaumbidwa ndi zimene tazunguliridwa nazo, ndipo ine ndimaona kuti kudziwa zimenezi kumachotsa manyazi mbali zonse ziwiri.

## Sitayilo ya munthu imamangidwa ndi chiyani?

Ngati kukonda kumasintha, pali zina zimene sizisintha msanga, ndipo m'pamene sitayilo imatsamira. Choyamba ndi thupi. Kutalika kwa miyendo poyerekeza ndi thunthu, kusiyana kwa chiuno ndi ntchafu, kukula kwa katumba ndi kutambalala kwa phazi sizitsatira kalendala ya ku Paris. Mayi wa katumba wamkulu amadziwa mavuto a zipi ya jombo yofika m'bondo imene imakana kutseka, ndipo wa chiuno chaching'ono ndi ntchafu zodzaza amadziwa mpata umene umatsala kumbuyo kwa lamba. Manambala a saizi sathandiza mokwanira, chifukwa kampani iliyonse ili ndi muyezo wake, ndipo nambala imodzi ingakwane kwina n'kukana kwina. Miyezo itatu ndiyo imanena zoona pa jinzi: kuzungulira kwa chiuno, kutalika kuchokera pomwe miyendo yagawikana kukwera mpaka pa lamba, ndi kutalika kwa mkati mwa mwendo mpaka pa mpendero. Pa jombo, kuwonjezera pa saizi ya phazi, pali kutalika kwake ndi kuzungulira kwa kukamwa kwake.

Chachiwiri ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Woima tsiku lonse pantchito, woyenda mtunda wautali, woyendetsa galimoto ndi wonyamula mwana safuna gogoda wofanana, ndipo nyengo ya kumene munthu amakhala imaika malire ake pa chikopa ndi ubweya. Chachitatu ndi chimene munthu amafuna kuti ena aone mwa iye, kaya ndi kudekha, mphamvu, chisangalalo kapena kusafuna kuonekera. Magazini ambiri amaphunzitsa malamulo a chimene chimatalikitsa mwendo kapena kuchepetsa thupi, ndipo ena mwa malamulowo ali ndi maziko, monga lakuti jombo yofanana mtundu ndi jinzi imapanga mzere umodzi wosaduka. Koma n'koyenera kukumbukira kuti ngakhale cholinga chooneka wamtali ndi wowonda chinachokera ku fashoni ya nthawi inayake, ndipo si mayi aliyense amene amachifuna.

## Chimene mbali iliyonse imapeza ndi kutaya

Wotsatira fashoni amapeza zinthu zenizeni zimene sitiyenera kuzinyoza. Amasangalala ndi zatsopano, savutika kupeza zovala chifukwa n'zimene zadzaza m'masitolo, ndipo nthawi zina amatulukira kasokedwe kamene kamamukhala kuposa kale, kamene sakanakayesa konse. Amayi ambiri anazindikira ufulu wa jinzi ya chiuno chokwera chifukwa chakuti fashoni inaibweretsa. M'ntchito zina, makamaka zokumana ndi makasitomala, kuoneka wa masiku ano kumawerengedwanso. Mtengo wake ndi ndalama zotuluka pafupipafupi ndi kabati yodzaza zovala zosagwirizana.

Woima pa sitayilo yake amagula mwa apo ndi apo, amavala mosavutika maganizo, ndipo angathe kuika ndalama pa chinthu cholimba. Njira yosavuta yoonera phindu ndi kugawa mtengo wa chovala ndi chiwerengero cha masiku amene chavalidwa: jombo yodula yovalidwa zaka zisanu ingakhale yotsika mtengo kuposa yotchipa yovalidwa kasanu. Jombo ya chikopa chenicheni imene soli yake inasokedwa, osati kungomatidwa ndi guluu, wosoka nsapato angathe kuisintha soli kangapo, pamene ya chikopa chapulasitiki ikayamba kusendeka ilibenso mankhwala, ngakhale pogula inkawala ngati chikomekome cha mkuyu. Koma naye ali ndi zovuta zake. Mtundu umene amaukonda ukachoka m'fashoni umasowa m'masitolo, ndipo n'kosavuta kusokoneza sitayilo ndi chizolowezi, n'kumavalabe zimene zinkakwana thupi ndi moyo wa zaka 15 zapitazo.

Nkhaniyi imapitirira kabati ya munthu mmodzi. Kafukufuku amene kampani ya Levi's inatulutsa mu 2015 anapeza kuti jinzi imodzi ya mtundu wa 501 imagwiritsa ntchito malita 3,781 a madzi pa moyo wake wonse, kuyambira kulima thonje mpaka kuchapa kwa mwini wake. Jinzi yosakaniza thonje ndi ulusi wotamuka imavuta kuiphwasula kuti ipangidwenso nsalu yatsopano, ndipo ulusi wotamukawo umafooka ndi kutentha, n'chifukwa chake jinzi yotere imatha msanga pakati pa ntchafu ndi m'mawondo. Ngozi ya kugwa kwa nyumba ya mafakitale osoka zovala ya Rana Plaza ku Bangladesh pa 24 Epulo 2013, imene inapha anthu oposa 1,100 amene ambiri mwa iwo anali osoka zovala, inakumbutsa dziko kuti liwiro ndi kutchipa kwa zovala kuli ndi anthu amene amakulipirira. Komabe mlandu umenewu si wa fashoni yokha, pakuti munthu angathe kutsatira fashoni pogula jinzi imodzi pa zaka zitatu, ndipo wina angathe kuunjika jombo khumi zofanana m'dzina la sitayilo.

Amayi ambiri, akafunsidwa bwino, amapezeka kuti ali pakati. Ena amasunga kaumbidwe ka jinzi kamene kamawakhala n'kumasintha mtundu wake kapena jombo, ena amasunga jombo zabwino n'kusankha pa jinzi zatsopano zokhazo zimene zikugwirizana nazo. Pa ntchito imeneyi telala amathandiza kwambiri, chifukwa mwendo wotakasuka angathe kuuchepetsa ndipo wautali angathe kuudula, ngakhale wothina sangaukulitse. Jinzi yatsopano iyenera kuchapidwa kaye isanadulidwe, popeza thonje limafupika pa kuchapa koyamba, ndipo popita kukayezetsa mpendero mayi ayenera kuvala jombo zomwezo zimene adzayende nazo, aime chilili, telala akhomere mapini kumbuyo kwa chidendene, kenako ayende masitepe angapo n'kukhala pansi kuti aone pamene nsalu ikuthera.